ZA M'BWALO LA MASEWERA: Kodi tsobola wakale sawawadi?

Pali mkangano umene sukutha pakati pa anyamata okonda mpira wa basketball m'komboni ya Ng'ombe, ndiponso ku Kalingalinga, Mtendere ndi Matero. Mkanganowo ndi wonena za munthu mmodzi wa ku America, LeBron James. Ena akuti ali ndi mankhwala, ena akuti ndi magazi a makolo ace. Munthuyu anabadwa pa 30 December 1984, ndipo analowa m'ligi yaikulu ya NBA mu 2003. Mu February 2023 anapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, amene kwa zaka zambiri anthu anali kunena kuti palibe adzawafika. Mu October 2024 analowa m'bwalo pamodzi ndi mwana wace weni-weni, Bronny, onse awiri atabvala malaya a Los Angeles Lakers. Ndipo mu November 2025 anayamba caka cace ca 23 m'ligiyo, cinthu cimene munthu wina aliyense anali asanacitepo.

Kuno kwathu zinthu n'zosiyana kutali. Wosewera wa zaka 28 akafika pa bwalo, ana a sukulu amayamba kale kumuchula kuti mdala. Pofika zaka 30, kawiri-kawiri amakhala ataleka, ndipo mukamufuna mudzamupeza ataima kunja kwa mzere, manja ali m'thumba, akupenyerera anzace ocepa msinkhu. Acinyamatawo ali ndi mwambi umene amaukonda kwambiri, wakuti tsobola wakale sawawa. Tsono funso limene ndifuna kuti tilione sabata ino, inu owerenga athu, ndi ili: n'cifukwa ninji tsobola wa anzathu akuwawabe pa zaka 40, pamene wathu amazirala asanafike ndi 30 pomwe? Yankho langa ndi lakuti kukhalitsa m'bwalo si cinthu cobadwa naco cabe ai. Kuli ndi mtengo wace, ndipo kumene osewera amakhalitsa pamakhala wina amene akulipira mtengowo.

Coyamba, wailesi ya kanema isatinamize. Ngakhale ku America komweko, okhalitsa ndi owerengeka. Kareem Abdul-Jabbar anasewera kuyambira 1969 mpaka 1989, naleka ali ndi zaka 42. Robert Parish analeka mu 1997 ali ndi zaka 43, atasewera masewera 1,611. Dirk Nowitzki wa ku Germany anakhala zaka 21 m'timu imodzi ya Dallas. Maina amenewa timawadziwa cifukwa cakuti ndi osowa. Akawerengetsera onse olowa mu NBA, amapeza kuti munthu amakhalamo pafupi-fupi zaka zinai ndi theka basi. Ndiponso si ofooka okha amene amacoka msanga. Yao Ming, cimphona ca ku China, analeka mu 2011 ali ndi zaka 30 cifukwa ca mafupa a phazi amene anali kusweka-sweka. Greg Oden anasankhidwa kukhala woyamba mwa acinyamata onse olowa m'ligi mu 2007, koma maondo anamukana, ndipo m'ligiyo anasewera masewera 105 okha. Akulu-akulu sananame pamene anati ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika.

Mpira umenewu umadya miyendo, ndipo cifukwa cace n'cosabisika. Mkombero wacitsulo umene amaponyamo mpira uli pamwamba mamita 3.05, cotero wosewera amalumpha ndi kutera, kulumpha ndi kutera, kosawerengeka pa tsiku limodzi. Amathamanga n'kuima mwadzidzidzi, n'kutembenuka phazi lili cigwirire pansi. Nthawi iliyonse imene akutera, kulemera kwa thupi lace kumagwera pa akakolo, maondo ndi msana. Cobvulala cofala koposa ndi kubinya kwa kakolo, maka-maka munthu akatera pa phazi la mnzace. Cimabwera pang'ono-pang'ono ndi kupweteka kwa mtsempha wa kunsi kwa bondo, kumene madokotala anakupatsa dzina lakuti bondo la wolumpha. Zoopsa kweni-kweni ndi ziwiri: kuduka kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo, kumene kumafuna opaleshoni ndi miyezi 9 kapena 12 ya kucira, ndi kuduka kwa mtsempha waukulu wa kuseri kwa cidendene. Palinso kamnofu koterera kamene kali pakati pa mafupa a bondo. Kameneka kakaperepeseka sikameranso, ndipo munthu amatsala akukhuza fupa pa fupa.

Tsono taonani zimene zimacitika munthu wa ku NBA akabvulala. Mu June 2019 Kevin Durant anaduka mtsempha wa kucidendene uja ali ndi zaka 30. Kale kubvulala kotere kunali kutanthauza kutsazika. Koma iyeyu anacitidwa opaleshoni m'masiku owerengeka, ndipo ali cibvulalire comweco timu ya Brooklyn inamulemba nchito. Anakhala caka conse ca masewera osalowa m'bwalo, malipiro akulandira, madokotala ndi akatswiri olimbitsa thupi ali naye tsiku ndi tsiku. Anabwerera mu December 2020, ndipo mu 2024 anatenga mendulo yagolide ku masewera a Olympic ku Paris. Cimene cinamupulumutsa si mpeni wa dokotala wokha, koma miyezi ija imene anakhala akucira osadera nkhawa za lendi kapena ufa. Ponena za LeBron James, manyuzipepala a ku America akhala akulemba kuti amataya ndalama zoposa madola miliyoni imodzi pa caka posamala thupi lace: wophika wace, womulimbitsa wace, womuthowa wace. Mankhwala amene anyamata a ku Ng'ombe akuwaganizira aja ndi amenewa.

Cina ndi kupuma, ndipo pamenepa pali nkhani imene ndimaikonda. Tim Duncan anasewera zaka 19 m'timu ya San Antonio Spurs, kuyambira 1997 mpaka 2016. Atayamba kukula, mphunzitsi wace Gregg Popovich anayamba kumusunga ngati mbeu. Ligi ya NBA ili ndi masewera 82 pa caka kwa timu iliyonse, ndipo Popovich anaona kuti munthu wa zaka 35 sangawathe onse. Tsiku lina mu March 2012 sanamuseweretse, ndipo pa pepala la masewera, pamene amalemba cifukwa cimene wosewera sanalowere, panalembedwa kuti ndi wokalamba. Anthu anaseka. Mu November caka comweco anabweza kunyumba Duncan ndi anzace atatu m'malo mopita nao kukasewera ku Miami, ndipo akulu a ligi anakwiya nalipitsa timuyo madola 250,000. Koma mu 2014 a Spurs anagonjetsa a Miami omwewo natenga cikho, Duncan ali ndi zaka 38. Amene anaseka aja anakhala cete.

Koma cimene cimandigwira mtima koposa ndi cakuti okhalitsa onse anasintha kaseweredwe kao. Vince Carter ali mnyamata anali kuuluka. Ku masewera a Olympic ku Sydney mu 2000 analumpha pamwamba pa Mfalansa Frédéric Weis, munthu wotalika mamita 2.18, n'kukankhira mpira mu mkombero. Akanaumirira kukhala munthu wouluka, akanatha msanga. M'malo mwace anabvomera kuti miyendo yacepa mphamvu, nasanduka woponya kucokera patali, wolowa mphindi zowerengeka kucokera pa benchi. Motero anakhala zaka 22, kuyambira 1998 mpaka 2020, ndipo m'timu yace yotsiriza ya Atlanta anali kusewera ndi Trae Young, mwana amene anabadwa iye atasankhidwa kale kulowa mu NBA. Kareem nayenso anali ndi kaponyedwe kace ka dzanja limodzi, kopinda pamwamba pa mutu, kamene sikafuna liwiro ndipo wochinga sangakafike. Msinkhu umalanda liwiro ndi kulumpha. Sulanda dzanja lozolowera, kapena diso lodziwa kumene mpira udzagwera usanacoke m'manja mwa woponya. Galu wamkota sakandira pacabe.

Ana a Africa naonso anaonetsa kuti thupi la munthu wa kuno silikalamba msanga kuposa la wina. Hakeem Olajuwon wa ku Lagos anasewera zaka 18, kuyambira 1984 mpaka 2002, ndipo anali kusala cakudya m'mwezi wa Ramadan masewera ali m'kati. Malemu Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene anatisiya mu September 2024, anasewera kuyambira 1991 mpaka 2009, ndipo bondo linamuleketsa ali ndi zaka 42. Koma ndikudziwa cimene ena a inu mukunena: amenewo ndi a ku America, kumene madola amayoledwa ndi fosholo, ife zitikhudza bwanji? Cabwino. Tiyeni ticoke ku America tiyang'ane kwa anansi athu a kumadzulo, amene timagawana nao malire.

Dziko la Angola linatenga cikho ca Africa, ca AfroBasket, ka 11 pakati pa 1989 ndi 2013, ndipo linacitenganso mu 2025. Nthawi yaikulu ya zaka zoyambazo dzikolo linali pa nkhondo ya paciweniweni, imene inatha mu 2002, cotero sitinganene kuti anali pa mtendere kuposa ife. Koma taonani misinkhu ya osewera ao. Jean-Jacques Conceição, wobadwa mu 1964, anali m'timu ya dziko lace mpaka mu 2003. Eduardo Mingas, wobadwa mu 1979, anasewera m'mpikisano wa dziko lonse lapansi ku China mu 2019 ali ndi zaka 40. Carlos Morais, wobadwa mu 1985, anagonja mu fainolo ya Basketball Africa League mu 2022, koma sanaleke. Mu June 2024 ku Kigali ananyamula cikhoco ndi timu ya Petro de Luanda ali ndi zaka 38. Cinsinsi cili m'maina a matimu ao. Petro de Luanda ili m'manja mwa kampani ya mafuta ya Boma, Sonangol. Primeiro de Agosto ndi ya asilikali. Interclube ndi ya apolisi. Kumeneko basketball ndi nchito ya malipiro a pamwezi, yokhala ndi holo yace ndi dokotala wace. Munthu wa zaka 30 safunika kusankha pakati pa mpira ndi kudyetsa ana, pakuti mpirawo ndiwo ukudyetsa ana.

Ife a Zambia njira imeneyi si yacilendo kwa ife. Amene munakula m'masiku a ZCCM, kampani ya migodi imene inakhazikitsidwa mu 1982, mukukumbuka kuti ku Copperbelt mgodi uliwonse unali ndi makalabu ndi mabwalo ace, ndipo wosewera wabwino anali kupatsidwa nchito, nyumba ndi cipatala. Migodi itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, zambiri mwa zimenezi zinafota. Lero matimu athu a basketball ali mitundu-mitundu. Alipo otsamira pa bungwe, monga Green Buffaloes ya asilikali. Alipo otsamira pa sukulu, monga UNZA Pacers. Alipo a m'komboni ndi m'madera, monga Matero Magic, imene yatenga ligi ya dziko lino kambiri, ndi Munali Suns. Matimu atatu otsirizawa anayesako mipikisano yolowera ku Basketball Africa League, ligi ya matimu 12 imene inayamba ku Kigali mu 2021, koma kufikira mpikisano wa 2025 panalibe timu ya Zambia imene inalowamo. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti amene amakhalitsako pang'ono m'mpira wathu ndi aja ali ndi nchito kumbuyo kwao. Otsalawo amadutsa ngati mvula ya cizimalupsa.

Tsopano tifike ku Ng'ombe. Akulu-akulu amati dzinali linabwera cifukwa kale kunali kudyetserako ng'ombe, anthu asanamange. Lero ndi komboni yothithikana, yoyandikana ndi Roma ndi Kalundu, kumene malo a mpira amapikisana ndi nyumba, tuntemba ndi machalichi. Mwana amene wakonda basketball amayambira pa bwalo la simenti, la pasukulu kapena la pachalichi, kapena amayenda wapansi kudutsa Kalundu kukafuna bwalo cakuyunivesite. Mabwalo a m'nyumba alipo mu Lusaka, monga ku NASDEC ndi ku Olympic Youth Development Centre imene inatsegulidwa mu 2010, koma kumeneko kumafuna ndalama ya basi, ndipo sikungakwane ana a makomboni onse. Cotero zaka khumi zoyamba, zimene mafupa akukula, mwanayo amazithera pa simenti. Bwalo la akatswiri limakhala la matabwa oyalidwa mwakuti amanyutuka pang'ono munthu akatera, n'kumwa gawo la mphamvu ija. Simenti sinyutuka. Zonse imabwezera m'maondo.

Onjezanipo nsapato. Zambiri zimene ana athu amabvala ndi za salaula, zooneka bwino kunja koma zofewa zace za pansi zinatha kale kumene zinacokera. Simenti imazidya m'miyezi yowerengeka, ndipo mwana amapitiriza nazo zitaterera, mwina atamata ndi guluu kwa wosoka nsapato wa pamsika. Onjezaniponso njala. Ambiri amafika pa bwalo madzulo atangomwa tiyi m'mawa, ndipo usiku amagona m'cipinda ca anthu asanu, nyimbo za kubawa zikulira mpaka tambala woyamba. Ndiye tsiku limafika limene kakolo kabinya. Anzace amamukoka phazi pomwepo, kunyumba amamuthowa ndi madzi otentha, amamwa mapilisi oletsa ululu, ndipo Loweruka lotsatira ali m'bwalo cifukwa timu ilibe wina wamtali. Madokotala amanena momveka kuti kakolo kamene kabwerera m'bwalo kasanacire kamabinyanso, ndipo kamapitiriza kubinya. Ngati ndi mtsempha wa m'bondo umene waduka, nkhani imathera pomwepo kwa ambiri. Ngakhale atafika ku UTH kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa n'kuthandizidwa, ndani adzamudyetsa miyezi 9 imene akuphunziranso kuyenda, pamene kunyumba amadalira maganyu ace? Mnyamata wotere pa zaka 27 amakhala ndi maondo a munthu wa zaka 40. Si zaka zimene zamukalambitsa.

Komabe kunena zoona, simenti si imene imacotsa ambiri. Cimene cimawacotsa ndi mphika. Pa zaka 24 kapena 25 mnyamata amakwatira, mwana amabadwa, mwini nyumba amagogoda pa tsiku loyamba la mwezi. Amapeza nchito ya ulonda, ya m'sitolo, ya pa minibasi kapena ya kumanga, ndipo nchito zotere sizidziwa kuti Lacitatu madzulo ndi tsiku lokonzekera masewera. Amayamba kujomba kamodzi, kenaka kawiri. Mphunzitsi amamuika pa benchi cifukwa cojomba, iye amakwiya, ndipo tsiku lina amangoleka kubwera. Palibe amamutsazika. Palibe pepala limene limalembedwa. Ndaona anyamata amene dzanja lao linali kuopedwa m'Lusaka muno akusowa motere, ndipo patapita zaka ziwiri umakumana nao atanenepa, akukamba za masiku ao ngati nkhalamba za zaka 70. Ena mowa umawatenga, pakuti madzulo aja anali kuthera pa bwalo tsopano ali pululu.

Cimene dziko limataya pamenepa n'cacikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Wosewera basketball amafika pacimake cace cakumapeto kwa zaka za m'ma 20, pamene mphamvu zikalipo ndipo nzeru zafika. Ife timamutaya pa msinkhu womwewo. Zili ngati mlimi amene walima, wapalira, wathira feteleza, ndiye cimanga cikangoyamba kukhwima n'kusamuka kusiya munda. Timu yathu ikakumana ndi ya ku Angola kapena ya ku Mozambique, anyamata athu amathamanga bwino, amalumpha bwino, ndipo cigawo coyamba amaima nao. Koma masewera a malamulo a FIBA ndi a mphindi 40, ndipo amapambanidwa m'mphindi zisanu zotsiriza. Pamenepo pamafunika munthu amene anaziona kale, wodziwa kukhazika mpira pansi anzace akatekeseka, wodziwa nthawi yolakwira dala ndi nthawi yosunga manja, wodziwa kulankhula ndi woimbira masewera popanda kumukwiyitsa. Zimenezi siziphunzitsidwa pa bolodi. Ndiponso kwathu ku Ng'ombe, mwana wa zaka 14 amaphunzira kwa wa zaka 18, amene nayenso anaphunzira pa foni. Amaona kulumpha kwa pa kanema, koma palibe womuuza mmene angatererere ndi maondo opinda, kapena kuti akabinya akhale pansi masabata angati.

Sindikunena kuti wamkulu aliyense asungidwe cabe cifukwa ndi wamkulu. Acinyamata ali ndi dandaulo lao, ndipo n'lomveka. Alipo madala amene amaumirira mphindi zonse 40 mpweya utawathera, amene amaponya mpira uliwonse okha, amene mphunzitsi amaopa kuwaturutsa cifukwa anasewera nao limodzi. Wotere amapha timu, ndipo mwana waluso amakalambira pa benchi. Ngakhale Michael Jordan, atabwerera mu 2001 ali ndi zaka 38 kusewerera Washington, anaponyabe bwino koma timu yace sinafike ku masewera a kumapeto zaka zonse ziwiri. Citsanzo cabwino tili naco kwathu konkuno, ngakhale ndi ca mpira wa miyendo. Mu September 2004 Kalusha Bwalya, ali ndi zaka 41, anali mphunzitsi wa timu ya dziko. Pa masewera ndi Liberia ku Independence Stadium sanayambe nao. Anadikira, nalowa cigawo caciwiri, namenya mpira wa cilango umene unapatsa Zambia cigoli cimodzi cokha ca tsikulo. Miyendo ya mphindi 90 inali itapita, koma phazi lamanzere linalipo, ndipo mwini wace anadziwa mlingo wace. Wamkulu amene timu ikumufuna ndi wotere: wa mphindi 12 kapena 15, wolankhula pa benchi, woyamba kufika pokonzekera. A Miami anasunga Udonis Haslem mpaka 2023, ali ndi zaka 43, akusewera mwa apa ndi apo, cifukwa ca nchito imeneyi.

Za alongo athu ndiye zimapweteka koposa. Diana Taurasi wa ku America anatenga mendulo yace yagolide yacisanu ndi cimodzi ya Olympic ku Paris mu 2024 ali ndi zaka 42, naleka kuciyambi kwa 2025. Kuno mtsikana waluso akangokwatiwa kapena kubereka, abale a mbali zonse ziwiri amaona kuti kabudula wa mpira sakumuyeneranso. Ambiri amaleka asanafike zaka 25, thupi lili bwino-bwino. Inu azibambo amene munapeza akazi anu pa bwalo, kodi munaiwala cimene cinakukopani?

Nanga ticite ciani, popeza madola a NBA tilibe? Tikumbuke kuti ngakhale kumeneko zinthu sizinagwe kumwamba. Mu 1964 osewera anakana kuturuka m'cipinda cobvalira pa masewera a akatswiri osankhidwa mpaka eni matimu atabvomera za penshoni, ndipo penshoniyo inayamba mu 1965. Kuno malamulo alipo kale. Tili ndi NAPSA ya penshoni ndi NHIMA ya inshuwalansi ya cipatala. Maganizo anga ndi akuti a Zambia Basketball Federation alamule kuti timu iliyonse ya m'ligi yaikulu ionetse kuti osewera ace onse ali ndi inshuwalansi ya cipatala isanaloledwe kuyamba caka. Ndalama yace ndi yocepa poyerekeza ndi ya yunifomu yatsopano, imene matimu sailephera. Makampani amene amafuna kuthandiza masewera aleke kungogula cikho ndi kujambulitsa zithunzi. Alembe nchito osewera awiri kapena atatu, ndi pangano lakuti Lacitatu ndi Lacisanu aziweruka 16 koloko. Ndi mmene migodi inali kucitira, ndi mmene a ku Luanda akucitira.

Zina sizifuna Boma kapena kampani. Mphunzitsi aliyense wa m'komboni angathe kupatula mphindi 15 zoyamba kuti ana atenthetse thupi ndi kulimbitsa nchafu ndi akakolo, kuimirira mwendo umodzi, kuphunzira kutera ndi miyendo yonse iwiri. Angathe kucepetsa masiku olumpha pa simenti, n'kucititsa zothamanga pa bwalo la dothi kapena la udzu. Angathe kukana kuseweretsa mwana wotsimphina, ngakhale masewera akhale a cikho. Kakolo kakabinya, masiku awiri oyamba kamafuna madzi oundana, bandeji ndi kukweza mwendo pamwamba, osati madzi otentha kapena kukoka. Ndipo ngati mwana sangathe kuponda masitepe anai, apite kukiliniki tsiku lomwelo akamuone ngati fupa lili bwino. Ndipo kwa inu amene munaleka, a zaka 30, 35, 40, amene muli mu Ng'ombe muno mukugulitsa m'tuntemba ndi kuyendetsa mataxi: bwalo limakhala lopanda anthu Lamulungu 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanatenthe simenti. Anthu asanu ndi mmodzi akwanira, atatu mbali ino atatu mbali inayo, pa mkombero umodzi. Ana a zaka 14 aja adzabwera okha kudzaona, ndipo mpira ukaturuka kunja ndiwo adzathamangira kukautola.